Maluwa Oyera Okhaokha

Uthenga wa Wamtali unalowa Kasingano atavala kale nsapato.

"Lero sizitheka, kwagwa kantchito kadzidzidzi. Usapite wekha ku nazale, tidzapita limodzi Loweruka linalo."

Anauwerenga kawiri, n'kutsonya. Kameneka kanali kachitatu munthuyu kusintha tsiku, ndipo mbande sizidziwa kudikira munthu wotanganidwa. Zikakhalitsa m'machubu zimatalika n'kuwonda, ukazidzala zimayamba zadwala kaye. Anayankha mwachidule kuti, "Chabwino, gwira ntchito." Kenako anatenga pepala lake m'dirowa ya makina osokera, n'kukhoma chitseko. Anaganiza zomudzidzimutsa, kuti akamaweruka madzulo akapeze maluwa adzalidwa kale.

Kasingano anali telala. Dzinali anamupatsa ndi makasitomala ake, ena amati chifukwa cha kuwonda, ena amati chifukwa cha lilime lake lomwe silinkabaya pambali. Wamtali anali wamagetsi. Anadziwana zaka ziwiri zapitazo, tsiku lomwe soketi ya m'kachipinda kosokeramo inayamba kununkha utsi. Mnyamatayo anaikonza kanthawi kochepa, koma anabweranso mawa lake kudzaona ngati ikugwira bwino, anabweranso mkuja, mpaka Kasingano anamufunsa ngati soketi zonse amaziyendera chonchi ngati odwala.

Chaka chino Wamtali anamaliza kanyumba kake ka zipinda ziwiri. Kutsogolo kwake, pakati pa khoma ndi kanjira kolowera, panatsala kamalo kotalika mamita anayi, m'lifupi kosakwana mita imodzi. Tsiku lomwe anamuonetsa nyumbayo anaima pomwepo, manja m'thumba.

"Nyumba ndamanga ine, koma kabedi ka maluwa aka ndi kako. Tsiku lomwe udzadzale maluwa pano, ndiye kuti wandilola."

"Ndiye ukundifunsira ndi khasu?"

"Mphete imabisika m'thumba. Maluwa aliyense wodutsa amaona."

Kasingano anaseka, koma nkhaniyo sanaitenge ngati nthabwala. Anali atakwatiwapo kamodzi, banjalo n'kutha moipa, ndipo kuyambira pamenepo sankakhulupirira mawu a mwamuna msanga. Ngakhale chibwenzichi ankachisunga chamseri. Kwawo ankachidziwa ndi asisi ake okha. Koma tsiku limenelo anatulutsa tepi yake yoyezera anthu m'chiuno, n'kugwada kuyeza dothi. Anabweranso masiku awiri kudzaona mmene dzuwa limayendera pakhomapo, napeza kuti limawomba kuyambira m'mawa mpaka kupendeka. Zonse anazijambula papepala lodulira masitayilo.

Atapita awiriwo ku nazale, mayi wogulitsa mbande anayang'ana pepalalo n'kugwedeza mutu.

"Malo aang'ono safuna dyera. Mitundu itatu yakwana, mukachulutsa pamaoneka ngati pamsika wa kaunjika. Ndipo khoma limeneli chilimwe chikafika litentha ngati chiwaya, musankhe zopirira dzuwa."

Anasankha mpendadzuwa waufupi woti utsamire khoma, pakati zinia wofiira ndi wa olenji, kutsogolo marigodi achikasu oti azigwera m'kanjira. Wamtali ankangoti eya pa chilichonse, mpaka Kasingano anamuuza kuti asankheko chimodzi, asadzanene kuti anamupondereza. Iye analoza timitengo tiwiri ta lavenda, ati tikhale pafupi ndi chitseko kuti munthu akamalowa azilandiridwa ndi fungo. Lavendayo anadzala tsiku lomwelo, atagaula dothi ndi kuthira manyowa. Mbande zinazo zinali zikadali zanthete, ndiye anazisungitsa kuti zikhwimeko.

* * *

Ku nazale kunali kutangothiriridwa kumene, ndipo mpweya unkanunkhira dothi lonyowa. Mayi uja anali atawerama pakati pa mizere ya machubu, chipewa chake chachikulu chili kumutu. Atamuona Kasingano anaweramuka akumwetulira.

"Mwabwera nokha lero? Alongo anu aja mwawasiya kuti?"

"Alongo anga ati?"

"Aatali aja, amagetsi. Anabweratu Lachinayi ndi amayi anu, pamodzi ndi mtsikana wodzakwatirana naye. Ine ndimati mwina mwabwera kudzanditsutsa, chifukwa ntchito yanu yonse ija aisintha."

Kasingano nkhope anaigwira, osaonetsa kanthu.

"Aisintha bwanji?"

"Mtsikanayo akuti akufuna oyera okhaokha, kuti zithunzi za ukwati zidzakongole akadzajambulitsa pakhomo. Ndinawauza ine kuti petunia woyera pakhoma ladzuwa chonchija, pafupi ndi kanjira kafumbi, pakatha milungu itatu adzaoneka ngati nsanza. Koma amayi anu aja sapikisika. Anangoti, mpongozi wanga wasankha, tipatseni. Ndiye ndinawafunsa alongo anuwo kuti nanga mayi woonda uja anavutika kujambula papepala, mwamuuza? Iwo anati musadandaule, uja ndi mlongo wanga, ankangondithandiza maganizo."

"Ananena yekha zimenezo?"

"Ndi pakamwa pawo, ataima pamene mwaimapo."

Mayiyo analankhula mawu omalizawo pang'onopang'ono, chifukwa anali ataona Kasingano akufinya pepala lija m'manja. Anavula chipewa. Anayang'ana pansi, kenako anayang'ananso Kasingano kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akumuona koyamba.

"Mwanawe, si mlongo wako ameneuja eti?"

Kasingano anapukusa mutu.

"Pakamwa pangapa padzandiphetsa. Khala pansi kaye apa, ndikupatse madzi."

"Ayi, zikomo. Mwandithandiza kuposa mmene mukuganizira. Mtsikanayo ndi wotani?"

"Wamfupi, wofatsa. Sanalankhule zambiri, ankangoloza n'kumaseka mwamanyazi. Sakuoneka ngati munthu wodziwa kuti waponda pa mnzake."

Mayiyo anamutengera kuseri kwa shedi. Mbande zake zinali pamenepo, zoikidwa padera, zinia atayamba kale kutulutsa timitu. Anati sanafune kugulitsa kwa wina, mtima unkamuletsa. Kasingano anaziyang'ana nthawi yaitali, n'kukhudza tsamba limodzi ndi chala.

"Gulitsani kwa amene ali ndi podzala," anatero, n'kutuluka.

* * *

Panjira anamuimbira Wamtali katatu. Foni inkaitana mpaka kuduka yokha. Kachinayi anaipeza yozimitsa. Mumtima ankadziuza kuti kandimverere adakanena za m'maluwa, bola akaone yekha ndi maso ake. Mwina mayi wa nazale wasokoneza anthu. Amagetsi aatali ndi ambiri.

Koma asanafike n'komwe pageti, anaona kuyera m'mbali mwa khoma.

Kabedi kake kanali katadzalidwa kuyambira kuchitseko mpaka pakona, petunia woyera atandandalikidwa mzere umodzi ngati ana a sukulu pa asembule. Anamudzala mothithikana, wina maluwa atayamba kale kufota m'mphepete. Lavenda uja panalibe. Anamuona pambali pa mpopi, pamulu wa zinyalala, mizu ili m'mwamba.

Amayi a Wamtali anali pomwepo ndi kheni yothirira. Anavala diresi lobiriwira lomwe Kasingano anawasokera chaka chatha, lomwe analilandira ndi zikomo wa kumapeto kwa milomo. Atamuona sanadabwe. Anamaliza kaye madzi a m'khenimo, n'kuiika pansi bwinobwino.

"Mwaswera bwanji, amayi?" anatero Kasingano, akupinda mawondo pang'ono monga mwa nthawi zonse.

"Taswera. Mwini nyumba kulibe."

"Ndaona. Ndimafuna ndidziwe amene wazula mitengo yanga."

"Ndazula ndine. Chomera chongonunkhira, osatulutsa kanthu, ntchito yake n'chiyani pakhomo pa munthu?"

"Nthawi yake inali isanakwane, amayi. Chikanatulutsa maluwa."

"Ena amatero kumene, nthawi, nthawi, mpaka munthu kukalamba akudikira." Anapukuta manja m'mbali mwa diresi. "Tisazungulirane, ndine munthu wamkulu. Ndilibe nanu chifukwa. Manja anu ndi aluso, ulemu muli nawo. Koma mwana wanga ndi mmodzi yekhayu. Bambo ake anapita asananyamuleko mdzukulu. Ine sindikufuna kupita chimodzimodzi."

"Zimenezo zikukhudzana bwanji ndi ine?"

"Mukufuna ndinene ndine? Adokotala aja anakuuzani chiyani mutachitidwa opaleshoni? Sanati musayembekezere zambiri?"

Kasingano anagwira chitsulo cha geti. Mawu amenewo anali enieniwo, osasintha ngakhale limodzi. Zaka zinayi zapitazo anapita padera, mimba ili ya miyezi isanu, ndipo anatsala pang'ono kutsagana nayo. Mwamuna wake woyamba sanadikire n'komwe kuti atuluke m'chipatala. Zomwe dokotala ananena tsiku lomutulutsa, mwamunayo sanazimve, achibale sanazimve. Kasingano anauza anthu awiri okha pa dziko lonse lapansi: asisi ake, amene ankamudikirira m'chipatalamo, ndi Wamtali. Kwa Wamtali anaziulula chaka chatha, akulira, atamulumbiritsa kaye. Tsiku limenelo mnyamatayo anamugwira manja onse awiri n'kunena kuti iye akufuna mkazi, sakufuna fakitale ya ana.

"Anakuuzani ndani?" anafunsa Kasingano.

"Khoma lili ndi makutu. Chachikulu n'choti ndi zoona, si choncho? Mukanakhala ine mukanatani?"

Kasingano anasiya chitsulo cha geti chija. Anapita pamulu wa zinyalala paja n'kutola kamtengo kamodzi. Mizu inali itauma gwa, masamba akuyoyoka akangokhudzidwa. Fungo lokha ndi lomwe linatsala. Anakabwezera pomwepo.

"Maluwa anuwo mwadzala mothithikana," anatero akutembenuka. "Ndipo musamathirire dzuwa lili pamutu, mukuwapsereza."

Misozi anaigwira mpaka atakhota pakona.

* * *

Wamtali anafika chakumasana, Kasingano ali pamakina. Sankasoka kanthu kenikeni, ankangoyendetsa msoko umodzi pa kansalu kotsala, kupita n'kubwerera. Mnyamatayo anawerama polowa pachitseko monga ankachitira nthawi zonse. Sanavale ovolosi. Anavala malaya oyera ositidwa bwino.

"Kantchito kadzidzidzi kaja n'kaukhondo," anatero Kasingano osadzutsa mutu. "Takulandirani, achimwene."

"Usatero, chonde."

"Nditani nanga? Si ndine mlongo wako? Khala pansi, ndimve za mlamu wanga."

Wamtali anakhala pa kampando ka makasitomala, mawondo ali m'mwamba. Anapukuta nkhope ndi manja.

"Amayi andiuza kuti unapita kunyumba. Ndimafuna ndikufotokozere ndekha, ndimangosowa poyambira."

"Milungu itatu ukusowa poyambira. Koma kwa mayi wa nazale sunasowe."

"Anandifunsa mwadzidzidzi, amayi ali pomwepo, mtsikanayo ali pomwepo. Ndikanati chiyani?"

"Ukanati uja ndi mkazi amene ndinamuuza kuti kabedi aka ndi kake. Ndi mawu ochepa, sakanakuthyola nsagwada."

"Sindinavomere kanthu ine. Amayi ndi amene akuthamanga nazo. Ndikangoti nditsutse, amagwira pamtima, BP imakwera, mwezi watha tinagona nawo kuchipatala. Amalume nawonso andikhalira pakhosi. Ndimati ndiwasiye kaye aziziritse mtima, kenako ndiwauze bwinobwino."

"Ndiye poziziritsa mtimapo unanyamula machubu a petunia mpaka kunyumba. Unakumba ndiwe mayenje?"

Wamtali anayamba kusewera ndi batani la malaya ake.

"Ndakufunsa. Anakumba ndani?"

"Ndine."

"Lavenda uja unasankha wekha akuzulidwa, unali kuti?"

"Ndinali pomwepo."

Kasingano anaimitsa makina. M'kachipindamo munangoti zii, kunja kukumveka ana akuthamangitsana. Anamuyang'ana koyamba chilowereni, ndipo chinamupweteka kwambiri n'choti nkhope inali yomweija, maso omwe aja ofatsa, munthu yemwe ankamubweretsera zipatso akadwala chimfine.

"Za maluwa ndikhoza kuiwala," anatero. "Za mlongo ndikhoza kudzaseka tsiku lina ndikadzakalamba. Koma chinthu chimodzi chomwe ndinakupatsa kuti undisungire, unakachiyala pamaso pa amayi ako. Lero andivula pageti ngati nkhuku yosololedwa nthenga. Mawu a dokotala, mmene ndinakuuzira iwe."

Wamtali anadzuka mofulumira mpaka mutu unagunda babu.

"Zimenezo ayi. Ndalakwa zambiri, koma zimenezo sindinanene. Ndikulumbira pa manda a bambo anga. Tsiku lomwe amayi anandiitana, ndinapeza akudziwa kale zonse. Ndinayesa kukana, iwo n'kundiuza ndi mwezi womwe unagonekedwa."

"Anthu odziwa ndi awiri. Iwe ndi asisi anga."

"Ndikudziwa."

"Ndiye ukufuna kunena kuti asisi? Munthu amene anandilera amayi atamwalira, amene ankandisambitsa m'chipatala ndikulephera kudzuka? Wasowa pothawira mpaka ukufuna kundidanitsa ndi m'bale wanga?"

"Sindinatchule munthu ine."

"Mtsikanayo ndani?"

Wamtali anayang'ana kukhoma komwe kunapachikidwa madiresi a anthu.

"Usandifunse lero. Ndipatse sabata imodzi ndikonze zinthu. Ndimakonda iwe, ukudziwa."

"Ndimadziwa dzulo." Anatsegula dirowa, n'kutulutsa kiyi wa kanyumba kaja yemwe anamumangirira kansalu kofiira. Anamuika pamakina. "Mapanga awiri avumbwitsa. Tenga, ukapatse mwini maluwa oyera. Potuluka uwerame, ungagunde mutu."

Wamtali anayang'ana pamakinapo. Kenako anatuluka, kiyiyo osamutenga.

* * *

Lamulungu m'mawa Kasingano anapeza mauthenga asanu ndi awiri. Woyamba unali wautali, wodzaza ndi kupepesa. Wachitatu unkati, "Ndikazula maluwawo ngati ukufuna." Womaliza unali waufupi: "Chilichonse chimene uchite lero, usapite kwa asisi ako. Ndikupempha."

Umenewu ndi umene unamukwiyitsa koposa. Munthu wamuchita chipongwe, kenako akufuna kumutsekeranso khomo lokalirira. Anaimbira asisi ake, foni sinayankhidwe. Patapita kanthawi kunabwera uthenga: "Lero ndili ndi alendo a alamu ako, ubwere mawa tidzacheze bwino." Kasingano anaganiza kuti alendo sangamulepheretse kukhala kukhitchini. Sankafuna zambiri. Ankangofuna kutsamira paphewa la munthu wake, amve wina akumuuza kuti amuna ndi choncho, zidzatha.

Anafika dzuwa litapendeka pang'ono. Monga mwana wa pakhomo, sanagogode kumaso. Anazungulira kuseri, kudutsa pansi pa chingwe choyanikira zovala, n'kulowa kukhitchini. Pa sitovu panali ketulo ikuwira. Makapu a alendo aja, amene asisi ankawatulutsa pa zinthu zikuluzikulu zokha, anali atachotsedwa m'kabati.

Asanaike chikwama pansi anamva kuseka kuchokera pabalaza. Kuseka kumeneko anakudziwa. Mwini wake anali asanasekepo choncho chifukwa cha iye, koma anakudziwa.

Chitseko cha pabalaza chinali chotseguka pang'ono. Anasuzumira. Amayi a Wamtali anakhala pa sofa yaikulu, pambali pawo pali bambo wina wachikulire wa jekete, amene ankafanana nawo mphuno. Alamu ake, amuna a asisi, anakhala moyang'anana nawo, akusisita mawondo mokondwa. Ndipo pakati pa sofa, dzanja lake lili m'manja mwa amayi a Wamtali, panali mlongo wawo wamng'ono wa alamuwo, mtsikana wamfupi wofatsa amene aliyense ankangomutchula kuti Namwino chiyambireni ntchito kuchipatala. Mayunifolomu ake oyamba anasoka ndi Kasingano. Ankamutcha asisi, ndipo akalandira tchuthi ankabwera kudzakhala pa kampando ka makasitomala n'kumamufotokozera za odwala ovuta.

Chitsekocho chinatseguka, asisi n'kulowa ndi thireyi. Ataona mng'ono wawo anaima chilili. Masupuni analira pathireyipo. Anakankha chitseko ndi chidendene mpaka chinatsekeka.

"Ndinati ubwere mawa," ananong'ona.

"Munatero."

"Pita kaye kunyumba. Ndibwera ndekha ndidzakufotokozere."

"Fotokozani pompano. Ndinu munawauza?"

Asisi anaika thireyi pa tebulo. Sanamuyang'ane kumaso. Anayamba kusuntha makapu omwe sankafunika kusunthidwa.

"Timaimba nawo kwaya imodzi. Anandipatula tsiku lina n'kundifunsa maso ndi maso chomwe chinathetsa banja lako loyamba. Ukanafuna ndiname?"

"Mukanati kafunseni mwini wake."

"Iwe sukuwadziwa mayi amene aja. Ukanalowa m'banja limenelo, pakanatha chaka chimodzi opanda mwana akanakudya wamoyo. Ndinakutola kamodzi uli ngati mtembo, sindikufuna kukutolanso kachiwiri. Ndimakuteteza."

"Ndiye ponditeteza munaona kuti mwamunayo asatayike, bola agwere mlamu wanu."

"Sizinayende choncho. Anabwera kuno kudzandiona, n'kumupeza mtsikanayu. Anamukonda okha. Alamu ako atamva anakondwa, ndiye ine ndikanaletsa bwanji? Ndikanati chiyani kwa amuna anga, poti iwe wemwe unandiletsa kuwauza za chibwenzi chako? Inenso ndili pabanja pano, uzindimvetsa."

"Dzulo ndamuthamangitsa munthu chifukwa cha inu. Ndinamuuza kuti asisi anga sangachite zimenezo."

Ketulo inkawira mpaka chivundikiro kumavina, ndipo panalibe woizimitsa.

"Namwino akudziwa?" anafunsa Kasingano.

"Sakudziwa kanthu. Alamu akonso sakudziwa. Chonde, mng'ono wanga, usandipasulire banja. Tuluka mwakachetechete, ndikugwadira."

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka. Namwino analowa akufuna kuthandiza kunyamula tiyi, ndipo ataona Kasingano nkhope yake yonse inawala. Anamuthamangira n'kumukumbatira m'khosi.

"Asisi, mwabwera bwino. Ndimafuna ndidzakuuzeni ndekha zinthu zikapsa, koma alamu angawa anati ndidikire kaye. Ndapeza munthu. Ndi wamagetsi, wamtali mpaka amawerama pachitseko, wamanyazi ngati ine ndemwe. Ali ndi kanyumba kokongola, tadzalako kale maluwa." Anamugwira manja onse awiri. "Diresi langa palibe wina adzasoke koma inu. Musakane."

Kasingano anayang'ana manja ang'onoang'ono omwe anamugwirawo. Anali ofunda, opanda chinyengo. Kuseri kwa mtsikanayo asisi anali atagwira m'mphepete mwa tebulo, maso ali mbuu ndi misozi, mutu ukupukusika pang'onopang'ono.

Kumaso kunamveka kugogoda, kenako mawu a alamu akulandira mlendo mwansangala, akumuuza kuti awerame angagunde mutu. Mawu omwe anayankha moniwo Kasingano akanawazindikira ngakhale pakati pa msika.

"Ndi iyeyo," anatero Namwino, akudzikonza tsitsi. "Tiyeni mukamuone, mundiuze ngati ndasankha bwino. Inu simunama."

"Mng'ono wangayu sakhalitsa," asisi analowerera msanga. "Ali ndi ntchito yomudikira."

Kasingano anazimitsa sitovu. Anaika chikwama chake pampando, n'kunyamula thireyi ija m'malo mwa asisi ake.

"Ntchito idikira," anatero, n'kutembenukira kwa Namwino. "Tsogola, mwana wa amayi. Tiyi ndikapereka ndine."